Yakale kapena yamakono: galimoto iti imapirira, nanga iti imakonzeka?

Mkangano wa galimoto zakale ndi zamakono sutha chifukwa otsutsanawo amayankha mafunso awiri osiyana. Amene amati zakale zinali zolimba amakumbukira kuti ikazima panjira, munthu wokhala ndi sipanala, pulayala ndi kachidutswa ka waya ankaidzutsa. Amene amati zamakono n'zodalirika amawerenga miyezi imene galimoto yayenda popanda wina kutsegula boneti. Onsewa sakunama. Yamakono siwonongeka kawirikawiri, koma ikawonongeka imafuna munthu wake, zida zake ndi ndalama zochuluka. Yakale imavuta pafupipafupi, koma mavuto ake ambiri ndi ang'onoang'ono ndipo amaoneka ndi maso. Wogula akusankha vuto limene angakwanitse kukhala nalo.

## Zoyang'ana musanasankhe

Galimoto ndazigawa m'magulu anayi, ndipo gulu lililonse ndaliyeza pa zinthu zinayi.

Mtengo. Ndalama yogulira ndi chiyambi chabe. Pali mafuta, pali sevisi, ndiye pali chimene ambiri safunsa: chinthu chodula kwambiri chimene chingafe pa galimotoyo n'chiyani, ndipo chimagulidwa ndalama zingati? Ngati giyabokosi yokha ikuyandikira theka la mtengo wa galimoto yonse, dziwirenitu musanapereke ndalama.

Kupezeka. Kwa galimotoyo, kwa masipeya, komanso kwa amakaniko oidziwa. Chachitatuchi ndiye chimakhumudwitsa anthu ambiri.

Kusamalira. Imafuna chiyani, kangati, ndipo mukachedwa nayo sevisi imakukhululukirani kapena ayi.

Ziopsezo. Zimene zingafe mosachenjeza, komanso zimene zingachitikire thupi lanu pa ngozi.

Tisanapitirire, galimoto zakale zimene zikuyendabe lero zisatinamize. Ndi zotsala chabe, zinzake zinatha ndi dzimbiri kalekale. Mercedes-Benz W123 imene inayamba kugulitsidwa mu 1976, kapena Peugeot 504 ya mu 1968, n'zolimba ndithu, koma sizikuimira galimoto wamba ya nthawi yawo. Zambiri za masiku amenewo zinali ndi mita ya mtunda ya manambala asanu okha, yobwerera pa ziro ikafika pa 99,999, ndipo kufika pamenepo unali ukalamba. Ku United States galimoto zapamsewu tsopano zili ndi zaka zopitirira 12 pa avereji, pamene m'ma 1970 sizinkafika zaka 7. Kudula kwa galimoto zatsopano kwachititsa nawo kuti anthu azisunga zimene ali nazo, komabe sakanazisunga zikanakhala kuti sizikuyenda.

## Za kabureta: zopangidwa chaka cha 1990 chisanafike

Mtengo. Zambiri n'zotchipa kugula, kupatula zimene zasanduka za anthu osunga galimoto zamakedzana, monga Land Cruiser zakale, zimene mtengo wake umakwera m'malo motsika. Pa mafuta ndi pamene zimalanda. Kabureta imasakaniza petulo ndi mpweya mongodalira mphamvu ya mpweya wolowa mu injini, ilibe chilichonse choiuza ngati yachulukitsa kapena yachepetsa. Ikasokonekera pang'ono petulo amangopita, inu osadziwa mpaka mutaona utsi wakuda kapena mapulagi a mwaye.

Kupezeka. Zikuchepa chaka ndi chaka. Mitundu imene inapangidwa yochuluka ilibe vuto kwenikweni: Volkswagen Beetle yakale inapangidwa yopitirira 21 miliyoni, yomaliza inatuluka ku Mexico mu 2003, ndipo masipeya ake akupangidwabe. Koma mtundu umene sunagulidwe kwambiri, galasi lakutsogolo lokha mukhoza kulisaka miyezi. Amakaniko odziwa kutchuna kabureta ndi khutu nawonso akukalamba, ndipo achinyamata ambiri sanaiphunzire.

Kusamalira. Ntchito yake ndi yaing'onoing'ono koma yosatha. Mapointi a mu distributor amapsa ndipo amafuna kuwayeza mpata, mavavu amafuna kuwatchuna, mapulagi sakhalitsa, oyilo amasinthidwa pa makilomita pafupifupi 5,000, ndipo zina zili ndi timabowo tambiri tothiramo girizi. Kukazizira m'mawa mumayamba mwakoka choko. Ubwino wake ndi wakuti zonsezi munthu wakhama amaziphunzira yekha. Injini ya petulo ikakana kulira, mafunso ndi atatu: moto ulipo, petulo akufika, mpweya ukupanikizika? Onse atatu mungawayankhe muli m'mbali mwa msewu.

Mafuta a masiku ano si amene mainjiniwa anapangidwira. Petulo wa galimoto wokhala ndi mtovu anatheratu padziko lonse mu 2021, Algeria itasiya kumugulitsa, ndipo mainjini ena akale kwambiri ankadalira mtovuwo kuteteza pokhalira mavavu. Petulo wosakaniza ndi ethanol amadya mapaipi a labala akale komanso amakoka chinyezi galimoto ikakhalitsa osayenda.

Ziopsezo. Dzimbiri ndiye mdani wamkulu. Injini imaphwasulidwa n'kumangidwanso, koma thupi likadyeka pamene pamagwira masipuling'i, kuwotcherera kumangobisa vuto. Ndiye pali ngozi, nkhani imene okonda zakale sakonda kuimva. Anthu amagogoda chitseko n'kunena kuti ichi ndiye chitsulo. Mu 2009 bungwe la IIHS, loyesa chitetezo cha galimoto ku United States, linawombanitsa Chevrolet Bel Air ya 1959 ndi Chevrolet Malibu ya 2009. Mbali yokhala dalaivala ya Bel Air inapindikira mkati, chiwongolero chinakankhidwira kumene kukanakhala mutu wa munthu, pamene chipinda cha Malibu chinakhalabe chilili. Galimoto yamakono imapangidwa dala kuti kutsogolo kuphwanyike n'kumwa mphamvu ya kugundako. Yakale imapereka mphamvu imeneyo kwa okwera.

## Za pakati: kuyambira cha m'ma 1996 kufika cha m'ma 2010

Ndisabise, gulu ili ndi limene ndimaliona kuti linagwirizanitsa bwino kudalirika ndi kukonzeka. Kabureta inali italowedwa m'malo ndi mainjekita, mapointi anali atatha, matupi ambiri ankakutidwa ndi zinki kuti asachite dzimbiri msanga, koma makompyuta anali asanalowerere paliponse.

Mtengo. Zinatsika kale mtengo mpaka pamene sizingatsikenso kwambiri, choncho mukadzagulitsa simudzaluza zambiri. Pa mafuta zimaposa za kabureta patali, ngakhale sizifika pa zamakono. Ndalama imene muyenera kupatula ndi ya mwezi woyamba: madzi onse a m'galimoto, malamba, mabushi, mwina radiyeta. Wogulitsa akanena kuti zonse anasintha koma alibe malisiti, tengani ngati sanasinthe.

Kupezeka. Palibe gulu loposa ili. Toyota Corolla, Honda Civic, Volkswagen Golf ndi zinzake za nthawi imeneyi zinagulidwa mamiliyoni, ndipo injini imodzi inkaikidwa m'mitundu ingapo. Injini ya Toyota ya 1NZ-FE, mwachitsanzo, imapezeka mu Corolla, mu Yaris ndi mu Probox. Masipeya alipo a mitundu itatu: a kampani yeniyeni, a makampani ena, ndi ochotsa pa galimoto zowonongeka. Vuto limene lakula ndi masipeya achinyengo. Sensa kapena koilo yabodza imaoneka chimodzimodzi ndi yeniyeni, imagwira ntchito milungu yochepa, kenako mumayamba kukayikira zinthu zina zosalakwa.

Kusamalira. Chimene chinasintha ntchito ya makaniko ndi OBD-II, njira yowerengera mavuto a galimoto ndi makina. Kuyambira mu 1996 galimoto zonse zogulitsidwa ku United States zinayenera kukhala ndi soketi imodzimodzi ya mapini 16 pansi pa chiwongolero. Ku Ulaya lamulo lofanana nalo linayamba mu 2001 pa za petulo ndi mu 2004 pa za dizilo. Kamakina kotchipa kolumikiza ku foni kamatha kuwerenga chimene kompyuta ya injini yaona, n'kukusonyezani khodi, nambala yoimira vutolo. Dziwani kuti galimoto zina za nthawi imeneyi zopangidwira msika wa ku Japan wokha sizigwirizana ndi timakina totchipati, zimafuna makina okulirapo.

Anthu ambiri amalakwitsa poganiza kuti makinawo amatchula sipeya yogula. Ayi. Khodi ili ngati wodwala wonena kuti mutu ukumupweteka: wanena pamene pakuwawa, sananene matenda. P0171 imatanthauza kuti mpweya wachuluka poyerekeza ndi petulo. Chingakhale chifukwa cha kapaipi kong'ambika, fyuluta yotsekeka, pampu yofooka kapena sensa yakuda. P0300 imangonena kuti injini ikuphonya moto. Makaniko wabwino amawerenga khodi kenako n'kuyamba kuyeza. Wina amawerenga khodi n'kukutumani kusitolo, ndipo mudzagula masensa atatu vuto lili pa kapaipi.

Chinthu chimodzi chosazengereza nacho ndi lamba wa timing, wogwirizanitsa kayendedwe ka mavavu ndi mapisitoni, pa mainjini amene ali naye. Opanga ambiri amati asinthidwe pakati pa makilomita 60,000 ndi 100,000 kapena kupitirirako pang'ono, komanso zaka zikachuluka ngakhale mtunda usanakwane. Pa mainjini ambiri lambayu akaduka mapisitoni amamenya mavavu, ndiye nkhani ya lamba yasanduka ya kuphwasula injini. Ena ali ndi tcheni m'malo mwa lamba. Chimakhalitsa, bola oyilo azisinthidwa nthawi yake.

Ziopsezo. Ukalamba. Yaing'ono kwambiri m'gululi yadutsa zaka 10 kalekale, zina zikuyandikira 30. Zitsulo zikhoza kukhala bwino koma labala ndi pulasitiki zauma: mapaipi a madzi, mitu ya radiyeta, timapulagi ta mawaya. Paipi imodzi ikaphulika inu osaona geji, injini imawira, mutu wake n'kupindika. Mita ya mtunda yobwezedwa m'mbuyo ndi yofala, choncho khulupirirani kutha kwa mapedulo, mpando ndi chiwongolero kuposa manambala.

Palinso nkhani ya ma airbag (matumba ofufuma pa ngozi kuti ateteze okwera) a kampani ya Takata, amene anaikidwa m'galimoto za opanga ambiri m'zaka zimenezi. Mankhwala ofufumitsira thumbalo amawonongeka ndi kutentha ndi chinyezi, ndipo pa ngozi kachitini kake kamatha kuphulika n'kumwazira zitsulo kumaso kwa woyendetsa. Anthu anafa nazo, galimoto mamiliyoni ambiri zinaitanidwa kuti zikakonzedwe, ndipo kampaniyo inagwa mu 2017. Si zonse zimene zinapita kukasinthidwa. Fufuzani ndi nambala ya chasisi kwa opanga. Zambiri za m'gululi zili ndi ABS, yoletsa matayala kukhwekhwereza mukamanga mabuleki mwamphamvu, koma ESC, imene imabweza galimoto ikayamba kutsetsereka cham'mbali, ili ndi zina zokha.

## Zamakono za petulo ndi dizilo: kuyambira cha m'ma 2010

Mtengo. Zodula kugula, ndipo yatsopano imatsika mtengo mofulumira m'zaka zoyambirira. Mafuta zimamwa pang'ono. M'zaka za chitsimikizo cha kampani, zimene nthawi zambiri ndi 3 mpaka 5 koma ena amafika 7, simudandaula ndi kanthu. Ndalama zimayamba kutuluka chitsimikizo chikatha, kapena mukagunda pang'ono chabe. Nyali ya LED ikafa nthawi zambiri simusintha babu, mumagula nyali yonse. M'bampala muli masensa ndi rada. Kuseri kwa galasi lakutsogolo kuli kamera imene iyenera kutchunidwanso ndi makina galasi likasinthidwa. Kugunda kumene pa galimoto ya 2003 kukanatha ndi nyundo ndi penti, pa ya 2021 kumafuna kompyuta.

Kupezeka. Galimoto zilipo zambirimbiri. Masipeya alipo koma ambiri amachokera kwa ogulitsa ovomerezeka okha, ndipo ena sagwira ntchito mpaka atalembetsedwa mu kompyuta ya galimotoyo. Pa BMW zambiri ngakhale batire latsopano limayenera kulembetsedwa kuti litchajidwe moyenera. Pa galimoto za handibuleki ya batani, kusintha mapadi akumbuyo kumafuna kuti motala ya buleki ibwezedwe kaye. Opanga ena, monga Fiat Chrysler kuyambira cha m'ma 2018, anaika chotchinga pa soketi ya OBD kuti makina osalembetsa azingowerenga, asamasinthe kanthu. Mkangano wa ufulu wokonzetsa kumene mwini galimoto akufuna unafika mpaka pa mavoti: anthu a ku Massachusetts, chigawo cha United States, anavomereza lamulo lotere mu 2012, ndipo mu 2020 analikulitsa kuti likhudzenso uthenga umene galimoto imatumiza kwa opanga kudzera pa intaneti. Kumene kulibe malamulo otere, galaja wamba imadalira mwayi.

Kusamalira. Pa pepala n'kosavuta. Mapulagi a iridium amatha kufika makilomita 100,000, mtunda wa pakati pa sevisi ndi wautali, ndipo palibe chotchuna ndi manja. Komatu galimoto zimenezi sizikhululuka. Pofuna kuchepetsa mafuta ndi utsi, opanga anachepetsa mainjini kufika pa malita 1.0 mpaka 1.5 n'kuwaika turbo, chida chokankhira mpweya wambiri mu injini, kuti atulutse mphamvu ya injini yaikulu. Turbo imazungulira maulendo opitirira 100,000 pa mphindi, ili yotentha kwambiri, ndipo moyo wake uli pa oyilo. Buku la galimoto likanena oyilo wopyapyala wa 0W-20, musalole kuti wina akuthirireni wokhuthala poti ndi amene alipo. Mainjini ena ang'onoang'ono, monga Ford EcoBoost ya lita 1.0 ndi PureTech ya malita 1.2 ya mu Peugeot ndi Citroën, anali ndi lamba wa timing woyenda mu oyilo. Oyilo akakhala wolakwika kapena wokhalitsa, lambayo amanyenyeka, zinyenyeswazo n'kutseka sefa ya pampu ya oyilo, injini n'kunoka.

Mainjini ambiri a petulo tsopano amapopera mafuta m'silinda mwachindunji, pa mphamvu ya mabaa 200 kapena kuposa (baa ndi muyezo wa kupanikizika), pamene akale aja ankapopera pa mabaa 3 kapena 4 kuseri kwa vavu. Petulo wa njira yakaleyo ankatsuka vavu akamadutsa. Tsopano sadutsanso pamenepo, ndiye mwaye umaunjikana mpaka injini kuyamba kunjenjemera.

Dizilo ndiye wasintha kwambiri. Dzina lake labwino linachokera ku mainjini akale a pampu ya makina, amene ankamwa chilichonse n'kumayendabe. Wamakono ndi wa common rail, wopopera pa mabaa 2,000 kapena kuposa kudzera m'timabowo tosaoneka bwino ndi maso. Timadzi pang'ono kapena fumbi mu thanki zikhoza kupha pampu ndi mainjekita onse nthawi imodzi. Kuyambira pa muyezo wa utsi wa Euro 5 mu 2009, za ku Ulaya zili ndi DPF, sefa yogwira mwaye mu ekizozi. Kuti idziyeretse iyenera kutentha kufika pafupifupi madigiri 600, ndipo zimenezi zimafuna ulendo wautali wosaimaima. Galimoto yongoyenda makilomita ochepa m'tauni siimaliza ntchitoyi, sefa imatsekeka, ndipo dizilo wina amatsikira mu oyilo. Euro 6 inabweretsanso pa zambiri AdBlue, mankhwala amadzimadzi oyeretsa utsi, ndipo ikatha galimoto imakana kulira. Zonsezi zinapangidwira dizilo wa sulufule wochepa kwambiri, magawo 10 pa miliyoni. Kumene mafuta safika pa muyezo umenewu, zida zimenezi sizikhalitsa.

Ziopsezo. Magiyabokosi. CVT, imene imayendera lamba wachitsulo pakati pa mapule awiri, imadana ndi kutentha, katundu wolemera ndi oyilo wolakwika, ndipo amakaniko ambiri saikonza, amangoisintha yonse. Za makilachi awiri ouma, monga PowerShift ya mu Ford Focus ndi Fiesta komanso DSG ina ya magiya 7 ya Volkswagen, zinadandaulitsa anthu ambiri, makamaka oyenda m'misewu yodzaza kumene galimoto imangokwawa. Mukamva zoti oyilo wa mu giyabokosi ndi wa moyo wonse, funsani kuti moyo wa zaka zingati. Ine ndingasinthe ndithu.

Vuto lina ndi la magetsi. Makompyuta onse a m'galimoto amalankhulana pa mawaya awiri a CAN, njira imene Bosch inatulutsa mu 1986. Waya mmodzi akadyedwa ndi khoswe, kapena batire likangofooka, nyali zochenjeza zisanu zimayaka pamodzi ndipo palibe imene ikuloza vuto lenileni. Galimoto imene inamirapo m'madzi ithaweni ngakhale itawala bwanji. Koma pa chitetezo cha moyo gulu ili lilibe mnzake. ESC inakhala yokakamiza pa galimoto zatsopano ku United States kuyambira za chaka cha 2012, ku European Union kuyambira mu 2014, ndipo zambiri tsopano zimamanga mabuleki zokha zikaona kuti mugunda.

## Za hybrid ndi zamagetsi

Hybrid ndi galimoto yokhala ndi injini komanso motala ya magetsi. Ambiri amaziika pamodzi ndi zamakono zovuta kukonza, koma nkhani yake ndi yosiyana.

Mtengo. Kugula n'kodulirapo kuposa inzake ya petulo. Hybrid imabweza ndalamayo m'tauni, kumene injini imazima pa maloboti ndipo mabuleki amatchaja batire. Pa msewu wautali kusiyana kwake n'kochepa. Chinthu chodula chija ndi batire lalikulu. Opanga ambiri a galimoto zamagetsi amalitsimikizira zaka 8 kapena makilomita 160,000.

Kupezeka. Toyota Prius inayamba kugulitsidwa ku Japan mu 1997, choncho hybrid si yachilendonso, ndipo mabatire ake okonzedwanso amapezeka m'mayiko ambiri. Zamagetsi zokhazokha zimadalira kuti muli ndi potchajira podalirika, makamaka pamene mumagona. Amisiri ophunzitsidwa bwino akadali ochepa.

Kusamalira. Hybrid ya Toyota ngati Prius ilibe sitata, ilibe alternator, ilibe kilachi. Ngakhale giyabokosi yake imatchedwa e-CVT, mulibe lamba, muli magiya ozungulirana ndi mamotala awiri, ndipo sikawirikawiri kumva kuti yafa. Mapadi a mabuleki amakhalitsa chifukwa motala ndi imene imachepetsa liwiro nthawi zambiri. N'chifukwa chake oyendetsa matakisi m'mizinda ikuluikulu anaikonda. Chimene eni ake amaiwala ndi kafani koziziritsa batire, kamene kamakoka mpweya m'chipinda cha okwera: kakadzaza fumbi ndi ubweya batire limatentha n'kufa msanga. Kabatire kakang'ono ka mavoti 12 kakafooka galimoto siyaka, ngakhale lalikulu litadzaza. Yamagetsi yokhayokha ilibe oyilo wa injini, mapulagi kapena ekizozi, koma imadya matayala chifukwa cha kulemera.

Ziopsezo. Mawaya a mtundu wa olenji amanyamula mavoti opitirira 200 pa hybrid zambiri, ndi 400 kapena 800 pa zamagetsi. Amapha. Si malo ophunzirirapo. Kutentha kumafooketsa mabatire: Nissan Leaf, imene inatuluka mu 2010, inalibe madzi oziziritsa batire, ndipo m'madera otentha zoyambirirazo zinataya mphamvu msanga. Hybrid imene yaima miyezi yambiri osayenda nayonso ndi yokayikitsa. Musagule iliyonse ya m'gululi popanda kuyezetsa batire ndi makina, selo ndi selo.

## Iti ikuyenera ndani

Ngati mumakhala kapena kugwira ntchito kutali ndi galaja yokhala ndi makina, ndipo simukhulupirira mafuta amene mumathira, tengani ya m'gulu la pakati: ya petulo yopanda turbo, ya magiya a manja kapena otomatiki wamba, ya mtundu umene mumauona paliponse. Ngati ntchito yake ndi katundu wolemera m'misewu yoipa, dizilo wosavuta ngati wa Land Cruiser 70, imene ikupangidwabe kuyambira mu 1984, ali ndi chifukwa chokhalira wodula.

Ngati mumayenda m'tauni tsiku lililonse, kuima ndi kunyamuka, hybrid ya mtundu wodziwika ndiyo yabwino, bola pafupi pakhale mmisiri woidziwa. Dizilo wa DPF musamuyandikire. Yamagetsi yokhayokha ndi ya amene angatchaje pakhomo ndipo maulendo ake ambiri ndi odziwikiratu.

Ngati mumayenda maulendo ataliatali pa msewu wabwino ndipo dizilo woyera amapezeka, dizilo wamakono adzakutumikirani bwino, chifukwa ndi moyo umene anapangidwira.

Ngati mumanyamula ana kapena mumayenda kwambiri usiku pa misewu ya liwiro, gulani yatsopano kwambiri imene thumba lanu lingafikire, yokhala ndi ESC ndi ma airbag am'mbali, ngakhale ikhale yaing'ono. Pamenepa kuvuta kwa kukonza ndingakulolere.

Ngati simufuna kudziwa chimene chili pansi pa boneti, gulani yatsopano kapena yotsala ndi chitsimikizo, muzipita ku sevisi nthawi yake, ndipo muganize zoigulitsa chitsimikizocho chisanathe.

Ya kabureta ndi ya munthu amene amasangalala kudetsa manja Loweruka ndipo ali ndi njira ina yofikira kuntchito Lolemba.

Imene sindingalangize aliyense wa ndalama zowerengeka ndi galimoto yapamwamba ya zaka 10 mpaka 15 imene ikugulitsidwa pa mtengo wa Corolla. Ili ndi makompyuta ochuluka ngati yamakono, labala ndi mawaya okalamba ngati yakale, mwina masipuling'i a mpweya amene ayamba kale kutsika usiku, ndipo masipeya ake akugulitsidwabe pa mtengo wa galimoto ya bwana.